Masikirini awiri pa kompyuta imodzi: chingwe cholunjika, MST kapena DisplayLink?

Musanagule kalikonse, tembenuzani kompyuta yanu muone mabowo olowetsamo zingwe. Mabowo amenewo ndi amene akusankhireni njira, osati wogulitsa.

Ndiyambe ndi kachipangizo kamene kamapusitsa anthu ambiri, HDMI splitter. Kameneka kamatenga chithunzi chimodzi n'kuchitumiza ku masikirini awiri, moti zimene zili kumanzere ndi zomwezo kumanja. Pamsonkhano n'kothandiza. Koma ngati mukufuna Excel uku, imelo uko, musataye nako ndalama.

Njira imene ndimaidalira kwambiri ndi yakuti sikirini iliyonse ikhale ndi chingwe chakechake, chochokera pa kompyuta molunjika. Makompyuta ambiri apadesiki ali ndi mabowo a sikirini a HDMI komanso DisplayPort, ndipo palibe pulogalamu ina yofunika. Mukalumikiza, pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Extend, basi. Ngati kompyutayo ili ndi graphics card yapadera (khadi yopanga zithunzi zimene zimaoneka pa sikirini), zingwe zonse zilowe pa khadiyo, osati pa mabowo a motherboard, bolodi lalikulu la kompyutayo. Ambiri amasokonekera pomwepa n'kumaganiza kuti sikirini yafa. Samalaninso ndi mtundu wa HDMI: 1.4 imaonetsa 4K (chithunzi chooneka bwino kwambiri) pa 30Hz yokha, kutanthauza kuti chithunzi chimasintha ka 30 pa sekondi, ndipo mausi imayenda modukiza mpaka maso kutopa, pamene 2.0 imafika 60Hz.

Vuto limabwera pa laputopu, poti zambiri zili ndi bowo limodzi la sikirini. Apa ndipo MST ndi DisplayLink zimapikisana.

MST, kapena kuti Multi-Stream Transport, inabwera ndi DisplayPort 1.2. Chingwe chimodzi chimanyamula zithunzi ziwiri kapena zitatu zosiyana: chimachoka pa kompyuta kupita ku sikirini yoyamba, china n'kuchoka pamenepo kupita ku yachiwiri, ngati unyolo. Sikirini yoyambayo iyenera kukhala ndi bowo lotulutsira, la DisplayPort Out, ndipo si zonse zili nalo. Kupanda apo mumagula MST hub, kachipangizo kogawa bowo limodzi la DisplayPort kukhala angapo. Ubwino wake ndi wakuti chithunzi chimapangidwa ndi graphics card yeniyeni, choncho sichichedwa. Kuipa kwake, masikirini onse amagawana mphamvu ya chingwe chimodzicho. Ndipo ogwiritsa ntchito Mac amve bwino: macOS siigawa zithunzi kudzera mu MST, masikirini awiriwo amangoonetsa zofanana.

DisplayLink imadutsa njira ina. Mumaika pulogalamu yake, iyo imapanikiza chithunzi n'kuchitumiza pa USB wamba, ngakhale bowo lakale la USB-A. N'chifukwa chake eni MacBook Air ya M1, imene inatuluka mu 2020 ndipo imalola sikirini imodzi yokha yakunja, amathawira kumeneku. Polemba makalata ndi kuwerenga siivuta konse. Koma purosesa imagwira ntchito yowonjezera, masewera apakompyuta amachedwa, ndipo mavidiyo otetezedwa ngati a Netflix nthawi zina amangoonetsa mdima. Ine ndimaiona ngati chopulumukira, pamene njira zina zonse zatsekeka.

Pali inanso yodula kuposa zonsezi, dock ya Thunderbolt, kabokosi ka mabowo ambiri kamene kamalumikizidwa ku laputopu ndi chingwe chimodzi. Thunderbolt 4 imayendetsa deta pa liwiro la 40 Gbps, imanyamula masikirini awiri a 4K pa 60Hz, kwinaku ikutchaja laputopu pa chingwe chomwecho. Kwa munthu amene amanyamula laputopu m'mawa uliwonse, kuzula chingwe chimodzi m'malo mwa zisanu n'kopepukitsa moyo. Komabe dock siiwonjezera chiwerengero cha masikirini chimene kompyuta imalola, choncho pa M1 ija muonabe imodzi.

Chimene chimandipweteka mtima n'kuona munthu wagula dock yabwino, kufika nayo n'kupeza kuti USB-C ya laputopu yake ndi yotchajira ndi kusamutsa mafayilo chabe. Mabowo a USB-C amafanana maonekedwe, koma si onse amatulutsa chithunzi. Yang'anani pambali pa bowolo ngati pali kachizindikiro ka mphezi kapena ka DisplayPort. Ngati palibe, fufuzani mawu akuti DisplayPort Alt Mode m'buku la laputopuyo.