JET ku Japan: malipiro ndi odalirika, koma kalasi si yako

Amayi angapo a kumpingo kwathu ku Leicester akhala akundifunsa ngati angalole ana awo amene amaliza digiri kupita ku Japan kudzera mu JET, monga ndinachitira ine mu 2022. Yankho langa ndi lakuti aloleni apite. Malipiro amabwera pa tsiku lake, tikiti ya ndege amalipira okha, ndipo palibe dobadoba amene amakudyera ndalama kuti akupezere malo. Koma mwanayo anyamuke akudziwa kuti kalasi sikakhala yake. Akakhala wothandizira mphunzitsi wa komweko, ndipo kukoma kapena kuwawa kwa chaka chonse kudzadalira kwambiri munthu ameneyo.

JET, dzina lonse Japan Exchange and Teaching Programme, ndi pulogalamu ya boma la Japan. Inayamba mu 1987 ndi anthu 848 ochokera ku America, Britain, Australia ndi New Zealand, ndipo lero muli anthu masauzande angapo. Pamwamba pali maunduna atatu, wa zamaphunziro, wa zakunja ndi wa zam'dziko, pamodzi ndi CLAIR, bungwe lothandiza makhonsolo a ku Japan pa ubale ndi mayiko akunja. Koma amene amakulemba ntchito ndi kukulipira ndi khonsolo kapena ofesi ya zamaphunziro ya dera limene watumizidwa. N'chifukwa chake anthu awiri amene anakwera ndege imodzi amakhala moyo wosiyana kotheratu. Pafupifupi 9 mwa anthu 10 alionse amapita ngati ALT, othandizira kuphunzitsa chinenero. Digiri ya phunziro lililonse ndi yokwanira, ndipo Chijapani sachifuna poyambira.

Chimene chimandiwawa ndi nkhani ya pasipoti. Fomu imadutsa ku ofesi ya kazembe wa Japan m'dziko limene ndiwe nzika, ndipo chitupa chongokulola kukhala m'dzikomo sichikwanira. Ine ndinakulira ku Zomba, koma ndinalowa ndi pasipoti ya Britain. Mwana wa ku Johannesburg amene ali nzika ya South Africa angathe kulembetsa kudzera ku Pretoria, ndipo a ku South Africa alimo ambiri ndithu. Malo ochuluka amapita kwa nzika za America, Britain, Canada, Australia, New Zealand, Ireland, South Africa, Jamaica ndi Philippines. Ndili ndi msuweni amene anaphunzira uphunzitsi ku Domasi, ndipo amadziwa kuphunzitsa Chingelezi kuposa ine kutalitali, koma khomo limeneli silimutsegukira monga linanditsegukira ine.

Kulembetsa kumatenga nthawi. Ku Britain mafomu amapereka cha mu Okutobala ndi Novembala, mafunso apamaso amabwera mu Januwale kapena Febuluwale, zotsatira mu Epulo, ulendo kumapeto kwa Julaye kapena mu Ogasiti. Mwana apeze kaganyu podikira. Amakulola kutchula madera amene ungakonde, koma salonjeza kanthu. Ine ndinapempha kufupi ndi Kyoto, anandipatsa katauni ka alimi a mpunga ku Akita, kumpoto.

Tsopano za ndalama, poti ndi zimene makolo amafunsa akatsitsa mawu. Nthawi yanga chaka choyamba chinali 3,360,000 yen, kutanthauza 280,000 pamwezi asanadule inshulansi ya chipatala ndi penshoni. Kuyambira mu 2025 anakweza kufika 4,020,000 yen. Kumudzi ngati kumene ndinali, lendi ndi yotsika ndipo munthu wosamala amasunga. Ku Tokyo ndalama yomweyo imathera m'nyumba. Malipiro oyamba amafika patapita masabata angapo, pamene wagula kale zofunda, mapoto, foni ndipo mwina walipira chikole cha nyumba, choncho osapita chimanjamanja. Ndipo amayi anga okondedwa, musayembekezere kuti mwanayo azilipirira abale fizi ku Malawi kapena kuumba njerwa za nyumba. Yen inagwa kwambiri. Mu 2024 dola imodzi inadutsa 160 yen. Ndalamayi imakwanira bwino munthu akamaidyera ku Japan komweko, koma ikawoloka nyanja imachepa.

M'kalasi ndi mmene muli nkhani yonse. Kuyambira mu 2020 ana a ku Japan amayamba Chingelezi m'giredi 3, ndipo m'giredi 5 chimakhala phunziro lokhala ndi malikisi. Aphunzitsi ambiri a pulayimale sanaphunzitsidwe kuphunzitsa chinenerochi, kotero amakudalira zenizeni. Pa sukulu ina ya pulayimale ndinkagwira ndi mayi wina amene ankandiitana tisanalowe, n'kundifunsa maganizo anga, n'kulemba. Tinapanga msika m'kalasi, ana akugulitsana mango, nzimbe ndi chambo zojambula papepala, akunenerera mitengo m'Chingelezi. Kamtsikana kena kamene sikankayankhula n'komwe kanakana kutsitsa mtengo wa chambo chake, kalasi yonse n'kufa ndi kuseka. Chaka chimenecho ana anali adakali ndi masiki chifukwa cha Covid-19, ndipo kuphunzitsa katchulidwe ka mawu osaona milomo kunali kovuta, koma mayiyo ankapeza njira.

Ku sekondale ina zinthu zinali zina. Mphunzitsi wa kumeneko ankandiimika pambali pa bolodi, n'kundikodola ndi mutu ikafika nthawi yowerenga ndime ya m'buku. Ndikawerenga, ana abwereze, ine ndibwerere pakona. A JET amati kumeneko ndi kusanduka wailesi ya kaseti. Sindikuganiza kuti bamboyo anali woipa mtima. Anali ndi ana oti alembe mayeso olowera sekondale yapamwamba, mayeso amene amafunsa galamala ndi kuwerenga kuposa kuyankhula, komanso madzulo alionse ankaphunzitsa masewera. Analibe nthawi yokonzekera ndi mlendo. Koma ine ndinkatuluka m'kalasi imeneyo mtima uli pansi, podziwa kuti ana aja akanatha kuyankhula akanapatsidwa mpata. Ulibe mphamvu yosintha zimenezi. Chimene chinandithandiza ndi kukonza timasewera ta mphindi zisanu, kutisiya pa desiki yake osakakamiza, ndi kudikira tsiku limene adzatope ndi buku.

Palinso masiku ongokhala. Chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo, ndiye iwe ukafika mu Ogasiti ana ali pa holide, koma uyenera kupezeka ku ofesi maola 35 pa sabata. Amene amagwiritsa ntchito nthawi imeneyo kuphunzira Chijapani amapindula kwambiri pambuyo pake.

Chimene ndinachikonda koposa ndi nkhomaliro. Ana amavala zoyera, amanyamula mapoto okha, kugawirana mpunga, supu ndi mkaka, ndipo ukadya nawo amayamba kukufunsa zimene sangafunse m'kalasi. Akatha amasesa ndi kukolopa sukulu okha, monga tinkachitira ife ku Zomba belu lisanalire.

Kuzizira kwa ku Akita musakuchepetse. Chipale chofewa chimaunjikana pakhomo, nyumba zambiri zakale sizisunga kutentha, ndipo umadalira mbaula ya palafini. Galimoto ndi yofunika kumudzi. Laisensi ya Britain amaisintha popanda mayeso a pamsewu. Kukhala munthu wakuda m'katauni kotere kuli ndi kulemera kwake. Anthu amakuyang'ana m'golosale, ana amafuna kugwira tsitsi lako, ndipo wokuluka sumupeza pafupi. Chipongwe sindinakumane nacho kwenikweni, koma kutopa ndi maso a anthu kulipo. Dzina la Malawi ambiri sankalidziwa, kupatula bambo wina wachikulire amene anandipatsa moni wa "muli bwanji" pa chikondwerero cha m'tauni. Anali mmodzi wa anthu ongodzipereka amene Japan yakhala ikutumiza ku Malawi kuyambira mu 1971. Banja lake linkandiitana ku chakudya nyengo yonse yozizira.

Kontirakiti ndi ya chaka chimodzi, ndipo ingawonjezedwe mpaka zaka zisanu, osapitirira. Funso loti ukhalabe kapena ayi limabwera pakati pa nyengo yozizira, pamene mtima wafooka, choncho ndi bwino kuliganizira kukadali kofunda. JET sipereka satifiketi ya uphunzitsi. Amene akufuna kudzaphunzitsa ku Britain adzayenerabe kuchita maphunziro ake akabwerako. Tikiti yobwerera amalipira ngati wamaliza kontirakiti ndipo wanyamuka pasanathe mwezi osayamba ntchito ina ku Japan. Gawo la ndalama za penshoni zimene ankadula limabwezedwa, koma uyenera kulipempha wekha pasanathe zaka ziwiri utachoka, ndipo mapepala ake ndi osavuta kuwakonza usanakwere ndege.