Matelala a pafupi ndi msika wa Taifa amasoka bwino, koma amayi akugwira ntchito yambiri ndalama zochepa

Ngati muli ndi chitenje chodula chomwe mukuopa kuti telala angakuonongereni, shopu yomwe ndimasoketsako pafupi ndi msika wa Taifa muno mu Mzuzu ndingakulozereni mosakayika. Dzina sinditchula chifukwa pali zina zomwe sizinandisangalatse. Muli matelala asanu, abambo awiri ndi amayi atatu. Makina awiri ndi amagetsi, enawo opalasa ndi mwendo, choncho magetsi akathima ntchito siima.

Ndinasoketsako diresi la pa chinkhoswe cha mng'ono wanga ndi suti ya bambo a kunyumba. Diresilo anasoka mayi wina wokhala ku Chiputula, ndipo manja ake ndi odala. Maluwa a chitenje anawakumanitsa pamsoko wakumbuyo moti simungaone pomwe nsalu yalumikizana. Zipi anaibisa, m'kati mulibe ulusi wolendewera ngakhale umodzi. Suti nayo inakhala bwino, kungoti dzanja lina la jekete linatalikirapo ndipo tsiku lomwe analonjeza linadutsa. Diresi ndinalipira K18,000, suti K70,000.

Kuti suti idule kuposa diresi sindikutsutsa, ntchito yake ndi yambiri. Chondiwawa ndi kagawidwe kake. M'shopumu malipiro amayendera chovala chomwe wasoka, mwini shopu n'kutengapo gawo lake. Masuti onse ndi maoda akuluakulu a mayunifomu amapita kwa abambo awiri aja. Komatu mabatani a suti yomweyo, kupinda thalauzi, kusita ndi simbi ya makala, zonsezo ndinaona akuchita ndi amayi, ndipo amangolandirapo kangachepe.

Ndinawafunsa mayi aja kuti, "Amama, luso lonseli bwanji simusoka suti nokha?" Anaseka. "Achemwali, kudula jekete amatiphunzitsa ndani? Odziwawo amaphunzitsa anyamata." Anawonjezera kuti abambo ambiri safuna kuyezedwa ndi munthu wamayi, amangolowa n'kufunsa kuti adada aja ali kuti.

Makasitomalafenso tili ndi mlandu. Telala wamwamuna akatchula mtengo anthu amangopisa m'thumba. Akatchula mayi, kunenerera kumayamba, mpaka wina kunena kuti "tithandizane, tonse ndife azimayi," ngati kuti ufa amagula motchipa. Nkhani ina ndi ya makina. Abambowo anabwera ndi awo, pomwe amayi awiri amabwereka a mwini shopu ndipo amawadula ya makina pa chovala chilichonse. Kenako nthawi: ikamakwana 4 koloko mayi wina amanyamuka kukatenga mwana ndi kukaphika, abambo n'kutsala mpaka usiku. Mu Disembala, maukwati akachuluka, maola amadzulowo ndi omwe amabweretsa ndalama.

Malamulo alipo. Lamulo la ntchito la 2000 limati ntchito yofanana phindu ilipiridwe mofanana posayang'ana kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8 akulandira malipiro onse. Mu 2013 kunabweranso lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi. Koma telala wolipidwa pa chovala, wopanda kalata ya ntchito, akapita kukachira ndiye kuti ndalama zaima tsiku lomwelo. Ndipo pano palibe amene angaloze kuti mayi walipidwa zochepa pa suti yofanana ndi ya bambo, poti sutiyo samupatsa n'komwe.

Kodi ndidzapitakonso? Eya, koma diresi ndi siketi ndizipereka m'manja mwa mayi wa ku Chiputula uja, ndipo mtengo wake sindinenerera. Suti mukaisiya, tsiku lotenga muwauze loyambirira kuposa lenilenilo. Chenjezo lina ndi la nthawi ya dzinja: kanjira kolowera kumeneko kamakhala matope okhaokha, nsapato zoyera musavale.