Tinagula kamphaka ka Maine Coon kwa mayi woweta panyumba: nyenyezi 4 pa 5

Ndinachita dala kudikira kuti papite chaka ndisanalembe ndemangayi. Sabata yoyamba aliyense amatamanda. Kamphaka kakakhala kakadali kakhanda, maso ali mbuu, kakugona pachifuwa pako, ungapereke nyenyezi zonse zisanu ngakhale kwa munthu woti wakudyera masuku pamutu. Panopa papita chaka ndi miyezi inayi chitengereni mphaka wathu Kambuku, ndiye ndikulemba mutu utazizira.

Timakhala ku Leicester, ku England, ine, abambo akunyumba ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 11. Mwanayu ndi amene anatiumiriza kwa zaka ziwiri zathunthu kuti akufuna mphaka, ndipo osati mphaka wamba, koma wa ubweya wautali, wa ndevu za pakhosi ngati mkango. Mtundu umenewu ndi Maine Coon. Unachokera ku Maine, chigawo chozizira kwambiri cha kumpoto chakum'mawa kwa America, ndipo kumeneko anachita kuukhazikitsa kukhala mphaka wa chigawo chawo mu 1985. Ubweya wonsewo, mchira wonga tsache ndi timanyenje ta m'makutu n'zodzitetezera ku chisanu.

Nditawauza amayi kumudzi ku Ntcheu kuti tikugula mphaka, foni inakhala kaye zii. Kenako anati, "Iwe, mphaka amagula? Bwanji osapempha kwa aneba akaswa?" Nditatchula mtengo anangoti, "Mwanangu, imeneyo ndi ya ng'ombe." Sindinawatsutse. Kwathu mphaka amadya zimene wagwira, ntchito yake ndi makoswe a munkhokwe, ndipo akalowa kuchipinda amathamangitsidwa ndi chikuni. Inenso ndinakula choncho, moti muziwerenga podziwa kuti wolemba si munthu wobadwa ndi chikondi cha amphaka.

Woweta amene tinamupeza ndi mayi wachikulire wa kumudzi wina ku Lincolnshire. Si bizinesi yaikulu ayi. Ali ndi amphaka aakazi atatu, onse amakhala nawo m'nyumba, ndipo pachaka amabereketsa kawiri kapena katatu basi. Amphaka awo analembetsedwa ku GCCF, bungwe losunga kaundula wa mitundu ya amphaka kuno ku Britain, lomwe linayamba mu 1910. Tisanawapeze ndinali nditatsala pang'ono kutumiza ndalama kwa munthu wina wa pa intaneti amene anali ndi zithunzi zokongola kwabasi pamtengo wotsika ndi theka. Iyeyo ankafuna ndalama yachikole tsiku lomwelo, ndipo ankati adzatibweretsera kamphakako pamalo oimika magalimoto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandichenjeza kuti ku England kuno, kuyambira mu Epulo 2020, lamulo lotchedwa Lucy's Law linaletsa anthu ongogula n'kugulitsa tiana ta amphaka ndi agalu tosakwana miyezi 6. Uyenera kugula kwa woweta mwiniwakeyo kapena kutenga kumalo osungirako ziweto zopanda eni, ndipo ndi bwino kukaona kamwanako kali ndi mayi wake pamalo pomwe kanabadwira.

Foni yoyamba ndi mayi a ku Lincolnshire aja inandinyansa, ndisaname. Ndimayembekeza kuti ine wogula ndi amene ndizifunsa, koma anandipanikiza ndi iwo. Nyumba ndi yanu kapena ya lendi? Ngati ndi ya lendi, eni ake alola? Mumagwira ntchito maola angati? Mukapita ku Malawi mwezi wathunthu, mphaka adzatsala ndi ndani? Msewu uli pafupi bwanji? Ndinatsitsa foni n'kuuza abambo akunyumba kuti mayiwa akuyesa ngati tikufunsira mbeta mwana wawo. Abambo anaseka n'kunena kuti munthu wofunsa choncho ndiye kuti katundu wake amamudziwa. Anali olondola. Funso la ulendo wa kumudzi lija sitinaliganizirepo n'komwe, ndipo titapita chaka chino linatidyera ndalama zosayembekezeka polipira malo osungirako amphaka.

Tinapita kukaona mu Meyi 2024, tiana tili ndi masabata 7. Apa m'pamene mtima wanga unakhala pansi. Tianato tinali pabalaza penipeni, wailesi ikulira, makina ochapira akuzungulira kukhitchini, zidzukulu zawo zikulowa ndi kutuluka. Fungo la mkodzo kunalibe. Mayi wa tianato anabwera yekha kudzatinunkhiza, wathanzi ndithu ngakhale anali ataondako chifukwa choyamwitsa tiana tisanu. Tate wake sanalipo chifukwa ndi wa woweta wina, koma anationetsa zithunzi ndi mapepala ake.

Mapepalawo ndi amene anandigwira mtima. Amphaka a mtundu umenewu ali ndi matenda awo oyenda m'magazi, ndipo loopsa kwambiri ndi la mtima lotchedwa HCM, pomwe mnofu wa mtima umakhuthala mpaka kulephera kupopa bwino magazi. Palinso SMA, yofooketsa minofu, ndi PK deficiency, yochepetsa magazi m'thupi. Mayiwa anatulutsa zotsatira za DNA za makolo onse awiri pa matenda atatuwa, zonse zili bwino. Kenako ananena okha, tisanafunse, kuti pepala la DNA likakhala loyera sizitanthauza kuti mphaka sangadzadwale mtima, chifukwa kuyezako kumangoona mbali imodzi yodziwika, n'chifukwa chake amphaka awo aakazi amakawaunikitsanso mtima kwa dokotala. Wogulitsa wofuna ndalama yokha sanganene zofooketsa malonda ake chotero.

Mtengo unali £950. Tinapereka £200 yachikole tsiku limenelo, atatilembera lisiti, yotsalayo tsiku lokatenga. Mwana wathu ankafuna tinyamule kamphakako pompo, koma mayiwa anakana kwamtuwagalu. Anati sikatuluka pakhomo pawo kasanakwane masabata 13, katabayidwa katemera kawiri, pa masabata 9 ndi 12, monga mmene GCCF imalangizira. Masabata 6 odikirawo anali aatali kwa mwana, koma Lamlungu lililonse ankatitumizira zithunzi ndi kulemera kwake.

Tinakatenga kumapeto kwa Juni. Tinapatsidwa khadi la katemera, mbiri ya mankhwala a njoka zam'mimba ndi utitiri, chakudya cha sabata imodzi, kabulangete konunkhira mayi wake, inshuwalansi yaulere ya masabata oyambirira, ndi pangano losainirana. Kachipangizo ka microchip, kosunga nambala yomuzindikiritsa, anali atamuika kale pansi pa khungu la pakhosi. Zinangochitika kuti mwezi womwewo, pa 10 Juni 2024, lamulo linayamba kugwira ntchito ku England loti mphaka aliyense akhale nako asanakwane masabata 20, apo ayi chindapusa chimatha kufika £500. M'panganomo munali zoti Kambuku ndi chiweto cha panyumba chabe, osati wobereketsa, kuti timufule asanakwane miyezi 6, ndiponso kuti tikadzalephera kumusunga tisadzamugulitse kwa wina koma tidzamubweze kwa iwo. Tinamufulitsa ali ndi miyezi 5.

Chimene tinalipira kwenikweni ndinachiona usiku woyamba. Kamphakako kanatuluka m'bokosi, kanazungulira pabalaza, kanapeza kokha chimbudzi chake cha mchenga, kanadya, kenako kanakwera pamiyendo ya abambo akunyumba, omwe analumbira kuti sadzagwira mphaka. Mpaka lero sanadzithandizirepo pena paliponse. Saopa alendo, saopa makina oyamwa fumbi, ndipo anthu a kutchalitchi akabwera kudzapemphera kunyumba iye amakhala pakati pawo ngati nayenso ndi membala. Sakonda kulira kuti miyawu, amangoti prrr prrr ngati mbalame, akukutsata chipinda ndi chipinda. Madzi amawakonda modabwitsa: amaviika dzanja m'mbale n'kumanyambita, ndipo ukatsegula mpopi wafika kale. Khalidwe lotere silimera lokha. Linachokera pabalaza paja.

Tsopano za nyenyezi imene ndachotsa.

Ndinawafunsa mayiwa mwachindunji kuti ubweya umenewu ndi ntchito yaikulu bwanji. Anandiyankha kuti wa Maine Coon si wovuta ngati wa Persian, mtundu wina wa amphaka a ubweya wautali, kupesa kamodzi pasabata n'kokwanira. Chaka choyamba zinali zoona, chifukwa ubweya wa kamwana ndi wofewa ndiponso wochepa. Koma atadutsa nyengo yozizira anamera ubweya wina wam'kati, wothithikana ngati thonje, ndipo pofika Epulo chaka chino unayamba kuthothoka wonse nthawi imodzi. Ine ndinkapesa pamsana ndi burashi yofewa, pamwamba pakuoneka bwinobwino, osadziwa kuti m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi m'ntchafu ubweya wamangana mfundo zolimba mpaka pakhungu. Ndinazindikira atayamba kundiluma ndikamunyamula. Mfundozo zimakoka khungu akamayenda, ndiye zimapweteka. Ndinatenga sizasi kuti ndidule, mwamwayi dzanja linanjenjemera n'kusiya. Namwino wa kuchipatala cha ziweto anadzandiuza kuti khungu la mphaka ndi lopyapyala kwambiri moti ambiri amabwera nawo atawacheka. Anamumeta ndi makina m'khwapa ndi kumimba, ndipo anatha mwezi akuoneka ngati nkhuku yososoledwa theka.

Nditawalembera mayiwa anandiyankha tsiku lomwelo, anapepesa, n'kuvomera kuti ana a tate ameneyu amakhala ndi ubweya wothithikana kuposa ena. Ndiye bwanji osanena poyamba? Anandilangiza kugula chipeso chachitsulo cha mano otalikirana mbali ina ndi oyandikana mbali inayo, n'kumapesa kuchokera pakhungu, osati pamwamba. Malangizowo anathandiza. Koma amenewa anayenera kukhala mawu a tsiku lokatenga, chipeso chili m'manja, akutionetsa. Panopa timapesa masiku anayi pasabata, ndipo nyengo yothothoka tsiku lililonse, mphindi khumi madzulo. Ubweya wa kumatako timaudulira pang'ono, chifukwa akatsegula m'mimba zonse zimamatirira pamenepo, ndipo kusambitsa mphaka wa makilo 7 amene sakufuna si masewera.

Ubweyawo sukhala pa mphaka pokha. Uli pamipando, pa yunifolomu yanga ya kuntchito, pa suti ya abambo ya Lamlungu. Tsiku lina tinaupeza mu nsima, mlendo ali pomwepo, ndipo ndinachita manyazi osaneneka. Kuyambira pamenepo ndikamaphika chitseko cha kukhitchini chimatsekedwa, iye n'kumalira panja. Nthawi zina amasanza mpira wa ubweya umene wameza podzinyambita, makamaka tikachita ulesi kupesa. Ngati m'nyumba mwanu muli wa mphumu kapena woyetsemula ndi amphaka, pitani naye kwa woweta akakhale kumeneko ola lathunthu musanapereke khobidi.

Chodandaula china n'chaching'ono: satifiketi ya GCCF anati itipeza pakatha masabata awiri, koma inatenga miyezi itatu, nditakumbutsa katatu. Anati anaiwala kutumiza fomu. Munthu mmodzi wochita zonse yekha zimatheka, komabe pa £950 sindimayenera kuchita kupempha.

Zina zinali zolakwa zanga. Sabata yachiwiri ndinamupatsa mkaka wa ng'ombe monga tinkachitira kumudzi, ngakhale pepala la mayiwa linaletsa, ndipo anatsegula m'mimba masiku awiri. Amphaka ambiri akasiya kuyamwa mimba zawo sizigaya mkaka. Pepala lomwelo linatchulanso zinthu zina zimene tonse timakhala nazo m'nyumba. Panado, amene kwathu timamwa pa chilichonse, ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale kachidutswa. Anyezi ndi adyo amawononga magazi ake, choncho msuzi wa ndiwo zotsala si wake. Maluwa a lily amapha impso, ngakhale atangonyambita ufa wake wogwera pa ubweya. Koma usipa ndiye nkhondo. Wina akabwera nawo kuchokera kumudzi, Kambuku amaumva chikwama chisanatsegulidwe. Timamupatsa tiwiri titatu toviika m'madzi, mwa apo ndi apo, otsalawo timabisa m'chitini chotseka pamwamba pa kabati.

Wofuna mtundu umenewu awerengere ndalama za mwezi ndi mwezi, asangoyang'ana mtengo wogulira. Tinamutenga ali ndi makilo osakwana 2, lero ali ndi 7, ndipo sanamalize, chifukwa amphaka amenewa amakula mpaka zaka zitatu kapena kupitirira. Chimbudzi choyamba chinachepa, bokosi lonyamulira linachepa, mtengo wonolera zikhadabo anaugwetsa ali ndi miyezi 8, moti zonse tinagula kawiri. Kuonjezera apo pali chakudya, mchenga, inshuwalansi, katemera wa chaka ndi chaka ndi mankhwala a utitiri.

Anzathu awiri atifunsa kale za mayiwa, ndipo onse ndawauza kuti apite, koma akafunse za ubweya wa tate wake ndiponso agule chipeso chachitsulo asanatenge mphaka. Pa tsiku lobadwa la Kambuku mayiwa anatumiza uthenga wofunsa kulemera kwake, patatha miyezi 9 chilandirireni ndalama yawo yonse. Amayi ku Ntcheu nawonso anasintha pang'ono. Tikaimba pa WhatsApp, akatha kufunsa za mdzukulu wawo amati, "Nanga chimphaka cha ng'ombe chija chadya?" Ndipo sanasiye kufunsa ngati wagwirapo khoswe ngakhale mmodzi. Sanagwirepo.