Stata inakana 1 ndi 2 zanga, ndipo inachita bwino

Ndatha miyezi inayi ndikugwiritsa ntchito Stata, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira data, pa kafukufuku wanga wa masitazi. Pa logistic regression, njira yosanthulira mayankho a inde kapena ayi, ndi pulogalamu yabwino, koma sinyengerera munthu.

Tsiku loyamba lenileni inandigwetsa ulesi. Funso loti "Kodi mwana anagona m'neti usiku wathawu?" ndinalipatsa 1 kwa oyankha inde, 2 kwa oyankha ayi, monga timachitira ambirife. Nditalemba logit, lamulo lochitira logistic regression, pa sikirini panangotuluka mawu ofiira: "outcome does not vary". Ndinazimitsa laputopu, kuyatsanso, zomwezo. Nkhani yake ndi yakuti kwa Stata 0 ndiye ayi, nambala ina iliyonse ndi inde. Ana onse, a 1 ndi a 2 omwe, inawawerenga kuti anagona m'neti. Ndinangolemba recode neti (2=0), kusandutsa 2 kukhala 0, basi zinatheka. Usiku umenewo ndinakwiya, koma pano ndimayamika. SPSS, pulogalamu ina yonga Stata, siikana: imasandutsa nambala yaing'ono 0, yaikulu 1, n'kukuuza m'katebulo komwe ine wopupulumane sindikanakayang'ana. Ndikanamasulira zotsatira chadodolido, ndikuyeza kusagona m'neti osadziwa.

Chomwe ndachikonda kwambiri ndi kachilembo ka i. kotsogoza dzina la variable (chinthu chimene ukuyeza mu data). Mu data ya DHS, kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, variable ya v025 ili ndi 1 kwa a m'tauni ndi 2 kwa a kumudzi. Ukalemba i.v025, Stata imayerekeza a kumudzi ndi a m'tauni. Ukafuna a kumudzi akhale poyambira, umalemba ib2.v025, ndipo odds ratio, nambala yoyerekeza magulu awiriwo, ikakhala 2 imasanduka 0.5. Ndi nkhani imodzimodzi, yangoonedwa kuchokera tsidya linalo.

Apa m'pamene pulogalamu imakusiya wekha. Lamulo la logit limapereka nambala yotchedwa coefficient, titi 0.69, pomwe lamulo la logistic limakupatsa odds ratio yake, pafupifupi 2. Ine ndikaona nambala yotere ndinkathamangira kulemba kuti mwayi wawirikiza kawiri. A supavaiza anga anazunguliza chiganizocho ndi cholembera chofiira, n'kundiuza nditenge pepala. Gulu lina 50 mwa 100 ayankha inde, odds yake (a inde kugawa ndi a ayi) ndi 1. Lina 67 mwa 100, odds yake pafupifupi 2. Odds ratio ndi 2 ndithu, koma kuchoka pa 50 kufika 67 si kuwirikiza. Kuyambira pamenepo ndikatha logit ndimalemba margins, yomwe imatulutsa manambala oti ngakhale mkulu wa zaumoyo paboma angamve.

Mtengo ndiye umaluma, poti laisensi yake ndi ya madola, ndipo ya ophunzira yotsika mtengo imakhala ndi nthawi yothera. Anzanga opanda ndalama ali pa pulogalamu ya R, yomwe ndi yaulere. Ineyo ndilipiranso miyezi ina kufikira nditapereka pepala langa, za R ndiziona pambuyo.