Masensa a chinyezi a ESP32 ndi LoRa patatha chaka m'munda wothirira

Timabokosi toyezera chinyezi m'munda iti tili ndi bolodi la ESP32 (kakompyuta kakang'ono), wailesi ya LoRa (yotumiza mauthenga aafupi patali) ya SX1276, sensa ya chinyezi yozika m'dothi ndi batire ya 18650 ya 3000 mAh. Timatumiza uthenga kamodzi pa mphindi 30. Tagwira ntchito dzinja lonse ndi chilimwe chonse, koma tikanasiyidwa momwe tinagulidwira sitikanafika mwezi wachiwiri.

Batire ikamatha msanga, ambiri amaloza chala wailesi. Zoona, SX1276 imakoka pafupifupi 120 mA ikamatumiza pa +20 dBm, koma imatero kwa kanthawi kochepa. Chimene chimadya batire ndi zinthu zotsala maso bokosi likagona. ESP32 ikagona tulo tofa nato imakoka pafupifupi 10 µA (1 mA ndi 1000 µA), pomwe regulator (kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi) ya AMS1117 yomwe ili pa mabolodi ambiri otchipa imamwa pafupifupi 5 mA usana ndi usiku. Gawani 3000 ndi 5: maola 600, masiku 25 basi, uthenga ngakhale umodzi usanatumizidwe. Chotsani AMS1117, ikani regulator ya MCP1700 yomwe imadya 1.6 µA, dulani kanyali kofiira ka pa bolodi. Sensa nayo isamalandire magetsi nthawi zonse: ipatseni kudzera pa MOSFET (kaswichi koyatsidwa ndi ESP32), idikire pang'ono isanawerenge, kenako izime.

Zikatero m'pamene magetsi amene wailesi imadya amayamba kuoneka. Spreading factor (SF), nambala imene imakwezedwa kuti uthenga ufike patali, ikakwera sitepe imodzi, nthawi yotumiza imachuluka pafupifupi kawiri. Uthenga waufupi pa SF7 sufika mamilisekondi 100; pa SF12 umadutsa sekondi yathunthu. Kukweza mlongoti wa gateway (wailesi yolandira mauthenga a mabokosi onse) pamwamba pa thanki ya madzi kumapindulitsa kuposa kugula batire yaikulu, chifukwa mabokosi akutali amatsika SF.

Kupatsirana mauthenga bokosi ndi bokosi kunakhumudwitsa. Bokosi loyandikana ndi gateway limasenza katundu wa anzake onse, ndipo wailesi yake ikamamvetsera imakoka 10 mA ndi kupitirira. Limafa loyamba, akumbuyo n'kukhala chete mabatire awo ali odzaza. Njira ya LEACH, yomwe anaikonza ku MIT mu 2000, imasinthanitsa utsogoleri kuti katunduyo agawidwe, koma pa munda wa mahekitala ochepa n'kosavuta kuti bokosi lililonse lizilankhula ndi gateway palokha.

Chotsala ndi nyengo. Dzuwa la Okutobala limatenthetsa bokosi lakuda, batire n'kumadzitaya mphamvu yokha. Lipakeni penti woyera. Mame a m'mawa amalowera pa chibowo cha waya n'kuchititsa dzimbiri pa mapini, dzimbirilo n'kumadontha magetsi pang'onopang'ono. Chibowocho chiyang'ane pansi, muikemo cable gland (chotsekera chogwira waya) ndi kapaketi ka silica gel yoyamwa chinyezi, n'kumakasintha mvula isanayambe.