Hammer mill, stamp mill kapena ball mill: golide wanu akutsalira kuti?

Chiyambireni Reserve Bank kugula golide mu 2021, anzanga a ku Makanjira sakundipatsa mpata, funso lake lomwelomwelo: tigule chigayo chiti cha miyala ya golide? Poti ntchitoyi ndinaigwirapo cha ku Kadoma ku Zimbabwe, ndiyankhiretu pano.

Hammer mill ndi yotchipa, ndipo amene anayendetsapo chigayo cha chimanga saivutikira. Koma quartz, mwala umene mumapezeka golideyo, ndi wouma zedi, mahamala ndi sefa zimadyeka msangamsanga. Ndi ya mwala wofewa wapamwamba basi.

Stamp mill ndiye ndili nayo mangawa. Kulimba ndi yolimba, zina zakale kwambiri zikugwirabe ntchito mpaka lero. Imasinja ngati munsi mumtondo, mwala uli m'madzi, ndipo zosinjidwazo zimatulukira pa sefa ya mabowo akuluakulu, ena osatalikirana ndi milimita imodzi. Golide wonona amamatirira pa mbale yamkuwa yopakidwa mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene chimagwira golide. Wamng'onong'ono, amene akadali wotsekeredwa m'kati mwa mchenga, amadutsa ndi madzi.

Msampha uli pamenepo. Mwini chigayo amakutchajani ndalama yochepa pa ola, inu nkumati munthu wachifundo. Koma mchenga wotsalawo ndi wake, sulowa m'nkhani ya mtengo. Mukachoka amauthira m'matanki a cyanide, mankhwala osungunula golide, ndipo nthawi zambiri amatulutsamo golide woposa amene inu mwanyamula. Kumene ndinkagayitsa ine, ukapempha sefa ya mabowo ang'ono ankakuyankha kuti uchedwetsa mzere. Inde, sefa yotere imachedwetsadi, koma amene ankapindula ndi ufa wokhakhalawo tonse tinkamudziwa. Kukumba inu, kulipira thirakitala inu, mulu wa mchenga nkumakula kuseri kwa mpanda wa wina.

Ball mill ndi mgolo wozungulira wokhala ndi mipira yachitsulo. Imafuna mwala wophwanyidwa kale, imamwa dizilo, mipira nayo imatha. Koma imapera mpaka ma micron 75 (milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000), ufa wodutsa pa sefa ya timabowo ting'onoting'ono yotchedwa 200 mesh, ndipo pamenepo golide wambiri amakhala atamasuka. Mipira isapitirire theka la mgolo, ndipo musauthamangitse: ukazungulira kwambiri mipira imakakamira m'mbali, osagwera pa mwala.

Gulani kasefa koyezera, muzitapa ufa nkuona wotsalira pamwamba, umenewo ubwerere mumgolo. Kupera mopitirira nakonso kumaluzitsa, golide ndi wofewa, amaphwatalala nkuyandama. Mercury musathire mumgolo ayi, amasweka timadontho tosagwirika nkukathera mumtsinje umene ana anu amamwa.

Ine ndiye ball mill, ngakhale musonkherane anthu khumi kuti muigule. Ngati mukagayitsabe kwa wina, musanatsitse mwala funsani kuti mchenga ukhala wa ndani, ndipo yankholo lilembedwe papepala.