Fulati ya mtauni muno, tinagula bwino koma a manejimenti akonze za madzi

Anzanga ambiri akumandifunsa kuti fulati yomwe tinagula mkati mwa tauni ya Blantyre ikuyenda bwanji, ena akufuna kugula okha ena akungofuna kudziwa ngati munthu angagone tulo pafupi ndi Victoria Avenue. Ndiye ndati ndifotokoze zonse mmene ndikuzionera, kuyambira kwa a ejenti omwe anatigulitsa mpaka kwa kampani yomwe ikuyang'anira nyumbayi pano. Nyumba yake ndi yansanjika, ife tili pamwamba ndithu, zipinda zogona ziwiri, pabalaza, khitchini yaing'ono ndi kakhonde koti mutha kuyanika mashati ochepa basi.

Pa nkhani ya mapepala a ejenti aja ndiwayamikira. Sanatithamangitse kuti lipirani lero mawa wina atenga, zomwe maejenti ambiri mtauni muno amakonda. Anatilola kubwera ndi loya wathu wathu, ndipo ichi ndikuuzeni, musamagwiritse ntchito loya wa ogulitsa ngakhale atakuuzani kuti zikhala zotchipa, chifukwa iyeyo akuimira amene akumulipira. Loya wathu anapita ku ofesi ya Lands kukafufuza ngati nyumbayo siinaikidwe chikole kubanki, anafunsanso za lease, pangano lobwereka malowo, kuti yatsala zaka zingati popeza malo ambiri a mtauni ndi a lease ya zaka 99 ndipo zaka zija zinayamba kuwerengedwa kalekale inu musanabwere. Anaonanso ngati kulibe ngongole ya ma city rates, msonkho wa nyumba wa kukhonsolo, ndi ground rent, lendi ya malo, chifukwa ngongole zimenezi zimatsatira nyumba, mwini wakale akapita zimakupezani inuyo. Funso lomwe linatitengera nthawi ndi lakuti kodi fulatiyo ili ndi pepala lakelake kapena nyumba yonse ili pa dzina limodzi ndipo inu mwangopatsidwa gawo, apa musachite manyazi, funsani mpaka mumvetse, muone ndi maso anu zomwe zalembedwa.

Mtengo sinditchula koma unatipweteka. Kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 eni nyumba ambiri amawerengera mu dollar mmutu mwawo ngakhale akukuuzani makwacha, ndiye mukachedwa pang'ono mupeza mtengo wasuntha. Ife chinatithandiza n'chakuti tinagwirizana polemba, onse tinasainira. Ngongole ya nyumba kubanki nayo si yamasewera, chiwongoladzanja chimadutsa 20 peresenti kutali, moti tinagulitsa poloti yathu ya ku Chileka kuti ngongoleyo ichepe. Abale ena sanasangalale nazo, ati munthu ungasiye dothi n'kukagula mmwamba mopanda ngakhale poti udzale mpiru, ndipo ndimawamvetsa.

Koma chomwe tinagula kwenikweni ndi nthawi. Kale tikukhala ku Machinjiri ndimadzuka kukadali mdima, kulimbana ndi minibasi, kufika pa ntchito nditatopa kale, madzulo kukaima pa Mibawa mpaka minibasi idzaze oitanira akukokera uku ndi uku. Pano ndimayenda wapansi. Banki ili pompano, famase ili pompano, msika wa Blantyre ndi wotsetsereka pang'ono chabe, ndiwo zamasamba ndimagula zatsiku lomwelo ndipo sindisowa kudzaza filiji. Nthawi zomwe mafuta amasowa anthu n'kumagona pa mizere ya pa filling station, ife galimoto inangokhala pansi osaigwira ndipo ntchito sinaime. Mwana atadwala usiku chipatala cha Queens chili pa Ginnery Corner pomwepa, simuchita kuganiza kuti ndipeza bwanji transport pakati pa usiku. Ukafuna ku Limbe kapena ku Chichiri umangolowa Chipembere Highway basi. Izi zokha kwa ine zikukwanira kunena kuti ndalama ija siinapite pachabe.

Phokoso lilipo, ndisakunamizeni. Kumayamba ndi azana ya kumzikiti mbandakucha, yomwe ine ndinaizolowera msanga ndipo imandidzutsa bwino, kenako malole otsitsa katundu m'mashopu, mahutala, njinga za kabaza, mavenda, ndiye pofika masana kuli alaliki a m'misewu ndi ma speaker a ogulitsa mafoni. Lachisanu ndi Loweruka usiku nyimbo za m'mabala zimafika ngakhale mutatseka mawindo. Tsiku lomwe Bullets kapena Wanderers yawina ku Kamuzu Stadium tauni yonse imadziwa. Koma Lamulungu ndi nkhani ina, mtauni mumangoti zii, mashopu otseka, mutha kuyenda kuchokera ku Haile Selassie Road mpaka kukafika ku St Michael and All Angels pa HHI osakumana ndi chipwirikiti chilichonse, tchalitchi chija cha njerwa chomwe chinamalizidwa mu 1891, ndipo ana amakonda ulendo umenewu. Fumbi la mu October limalowa paliponse, makatani amada msanga, pomwe nthawi ya chiperoni June ndi July mphepo ya pamwambapa imazizira kuposa pansi.

Tsopano pomwe pali vuto langa ndi madzi, ndipo apa ndikulankhula ndi a manejimenti a nyumba yathu. Aliyense wokhala mu Blantyre akudziwa kuti madzi ambiri a mzinda uno amachokera ku Shire pa Walker's Ferry, amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera mtunda wonse uja, ndiye magetsi akavuta madzi nawo amavuta, tonse tinaona mmene zinalili Cyclone Ana itaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Munthu womanga kapena woyang'anira nyumba yansanjika mu mzinda woterewu akuyenera kudziwa zimenezi asanayambe. Potigulitsa anatiwonetsa thanki yaikulu kuseli ndi pampu yokankhira madzi mmwamba, zonse zooneka bwino, koma pampuyo siilumikizidwa ku jenereta. Jenereta imayatsa magetsi a pa masitepe ndi pa geti basi. Ndiye magetsi akathima madzi ali tho mu thanki pansipo koma kwa ife a pamwamba mpopi ukungotulutsa mphepo, toileti osagujumula, ndipo uone anthu ovala bwino akukwera masitepe ndi zigubu za malita 20, kupuma pa nsanjika iliyonse, madzi akutayikira pa masitepe mpaka poterera. Pali agogo ena oyandikana nafe omwe mawondo amawavuta, iwowo amadikira mlonda kuti awanyamulire ndipo amamupatsa kangachepe nthawi iliyonse, pomwe mwezi ndi mwezi akulipira service charge, ndalama yosamalira nyumbayi, ngati tonsefe. Zimandipweteka kwambiri. Nkhaniyi taikamba pa misonkhano ya eni mafulati, talemba kalata, yankho ndi loti tikuona bajeti. Waya wochokera pa jenereta kufika pa pampu si chinthu choti mpaka bajeti ya chaka.

Service charge yomweyo inakwera, zomwe sindikukana chifukwa zinthu zonse zakwera, dizilo wakwera, alonda nawonso akuyenera kulandira zooneka. Chomwe ndikufuna ndi pepala losonyeza kuti ndalama zapita kuti, zingati kwa alonda, zingati kwa otaya zinyalala, zingati zasungidwa kuti denga likadzayamba kudontha tisadzasonkhetsedwe mwadzidzidzi. Mpaka pano timangolandira uthenga wa pa WhatsApp wokumbutsa kulipira. Amene mukufuna kugula, pemphani kuona malipoti amenewa musanasaine, ndipo funsani anthu okhalamo kale osati a ejenti okha.

Mbali ya chitetezo ndiye ali bwino. Alonda ndi aulemu, mlendo salowa asanakuimbireni, geti amatseka nthawi yake, ndipo chilowereni sitinamvepo zoti wina wathyoleredwa. Pa masitepe amakolopa m'mawa uliwonse, zinyalala sizigona. Mita ya magetsi aliyense ali ndi yake ya mayunitsi, palibe zokangana za bilu ngati m'nyumba za lendi zogawana mita. Malo oimika galimoto ndi amodzi pa fulati iliyonse, mlendo akabwera ndi yake aziona yekha kunja.

China chomwe anthu saganizira ndi moyo wathu wa Chimalawi. Mbaula ndi yoletsedwa pakhonde chifukwa cha utsi ndi moto, ndiye magetsi akapita ngati mulibe gasi nsima palibe, nyemba zophika maola ambiri muiwale kapena mugule pressure cooker. Ufa wochokera kuchigayo mulibe pouyanika. Alendo ochokera kumudzi akabwera kuchipatala ku Queens, ndipo adzabwera ndithu akangomva kuti muli mtauni, pabalaza pamadzaza matilesi ndipo oyandikana nawo apansi amamva phazi lililonse. Ana alibe bwalo losewerera, wathu amathera pa TV kapena timachita kupita naye kwina. Mayi anga atabwera anakhala pakhonde kuyang'ana phiri la Ndirande n'kunena kuti malo ndi okongola koma iwo sangathe kukhala osaponda dothi tsiku lonse.

Ndiye kwa munthu wogwira ntchito mtauni, banja laling'ono kapena amene ana anakula n'kuchoka, ndinganene kuti gulani, makamaka mukapeza nsanjika yoyamba kapena yachiwiri. Banja lalikulu lokonda alendo ndi kadimba kuseli, kuli bwino mumange ku Chileka kapena ku Mpemba. A ejenti ndiwapatsa 4 pa 5, alonda ndi oyeretsa 5, koma a manejimenti 2 mpaka tsiku lomwe pampu ija adzailumikize ku jenereta n'kutionetsa mmene ndalama zathu zikuyendera. Msonkhano wina wa eni mafulati uliko kumapeto kwa mwezi uno ndipo nkhani ya pampu ndaipempha kuti ikhale yoyamba.